Funsani Alangizi: Phulusa la malasha m'dimba, m'chidulo ndi m'mtsinje

Mwezi uno ndasankha makalata atatu amene akumana pa nkhani imodzi, ngakhale achokera kutali ndi kutali. Yoyambayi ndiichedwera chifukwa muli ana.

Zikomo Alangizi. Ine ndine mayi wa ana atatu, kwathu ndi ku Dedza koma tikukhala ku eMalahleni, ku South Africa, kumene bambo a kunyumba amagwira ntchito ya ukalipentala. Kuseri kwa nyumba ndinalima kadimba ka nkhwani, mpiru, repu, tomato ndi therere, mbewu zake zina ndinachita kuitanitsa kumudzi. Nyengo yozizira timaotha malasha pambaula, ndipo phulusa lake ndimathira m'dimbamo monga tinkachitira kwathu. Tsiku lina soda atandithera ndinachezapo chidulo chophikira therere. Mnansi wathu wina, amene amayendetsa galimoto yonyamula phulusa la pa siteshoni ya magetsi, wandilonjeza matumba awiri, akuti ndi feteleza waulere. Koma mwana wanga wamkulu wabwera ndi nkhani ya kusukulu yoti nthaka ya kuno ili ndi poizoni wochokera m'machumuni. Zoonadi m'mawa masamba amakhala ndi fumbi lotuwa, nthawi zina lakuda. Wamng'ono ali ndi chaka ndi theka, amasewera m'dimba momwemo. Kodi ndikuwadyetsa poizoni anawa? Ndizule zonse? — Mayi wa ana atatu, eMalahleni

Mayi, musazule. Koma chidulo cha phulusa la malasha chilekeni lero lomwe, matumba a mnansiwo muwakane mwaulemu, ndipo phulusa la pambaula lisapitenso m'dimba.

Zimene mwachitazo simunachite mopusa ayi. Munachita zimene tonse tinaphunzira kwa amayi athu. Anga ankatentha zitsononkho ndi makoko a mtedza, phulusa lake n'kuika m'kamphika koboola pansi, kuyala udzu, kuthira madzi pang'onopang'ono mpaka chidulo chidonthe m'mbale. Phulusa lina linkapita pa mapando a maungu, lina m'nyemba zosunga kuti zisafumbwe, lina lotsukira miphika. Zonsezo n'zabwino ngati phulusalo ndi la nkhuni kapena la mapesi, chifukwa muli potashi ndi kashiamu zimene mtengo unatenga m'nthaka uli moyo. Malasha ndi chinthu china. Ndi zomera zimene zinakwiririka m'madambo zaka zoposa 250 miliyoni zapitazo, pamodzi ndi matope, miyala ndi sulufule. M'menemo mumakhala tizitsulo tapoizoni pang'onopang'ono: mtovu, arsenic, cadmium, mercury, chromium, selenium. Malasha akapsa, zoyaka zimapita, koma zitsulozi sizipsa. Zambiri zimatsala zitaunjikana m'phulusa, monga mmene mchere umaŵaŵira ndiwo zikaphwera. Ndiye mukamacheza chidulo mukuchita ndendende zimene zimasungunula zina mwa zitsulozo: kudutsitsa madzi m'phulusa, n'kumwa madziwo kudzera m'therere. Arsenic ndi selenium makamaka zimatuluka mosavuta m'madzi okhala ngati a chidulo. Kamodzi kamene munachitako kasakusowetseni tulo. Chizolowezi ndicho chimavulaza.

Kuti muone kuti si nkhambakamwa, pali zimene zinachitika m'chigawo cha Guizhou ku China. Kumeneko nthawi yokolola kumakhala chinyezi, ndiye anthu ankaumitsa tsabola ndi chimanga m'nyumba, pamwamba pa moto wa malasha okumba m'phiri lapafupi, popanda chumuni. Malasha ena kumeneko anapezeka ndi arsenic wochuluka modabwitsa, ndipo tsabolayo ankamwa utsiwo. Anthu osachepera 3,000 anadwala kwambiri: zikhatho ndi mapazi kuuma n'kutuluka zinjerenjere zolimba, khungu kuchita mawanga, ena mpaka khansa ya pakhungu. Malasha a kumene mukukhalako alibe arsenic wochuluka chotero, ndipo sindikufuna muganize kuti zomwezo zikukudikirani. Ndatchula Guizhou chifukwa poizoniyo sanadzere kumunda, anadzera kukhitchini, m'manja mwa amayi osamala amene ankangosunga chakudya cha banja. Choncho chimanga chowotcha, mbatata kapena nyama zisamakhudze moto wa malasha mwachindunji, ndipo musamaumitse chakudya pamwamba pa mbaula.

Tsopano za machumuni, zimene mwana wanu waphunzira. Akunena zoona, ngakhale nkhaniyo ili ndi mbali zingapo. Eskom, kampani ya boma ya magetsi ku South Africa, inamanga masiteshoni a malasha 12 m'chigawo chanu cha Mpumalanga chokha. Duvha, imene machumuni ake ndi aatali mamita 300, ili pafupi nanu, Kendal ndi Kusile sizili kutali, ndipo Kriel ndi Matla zili cha kummwera. Malasha amene amayatsa ali ndi phulusa lambiri, moti masiteshoni a Eskom amatulutsa phulusa lokwana pafupifupi matani 30 miliyoni pachaka, ndipo logulitsidwa kwa opanga simenti ndi njerwa silifika ngakhale limodzi mwa magawo khumi. Lotsalalo amaliunjika m'mapiri otuwa aja mumawaona mukamadutsa pamsewu, kapena m'madamu a phulusa. Pachumuni pamakhala zosefera zimene, zikamagwira bwino ntchito, zimagwira phulusa loposa 99 pa 100 iliyonse. Vuto lili paŵiri. Zosefera zimawonongeka, ndipo ngakhale zili bwino, chimene chimapulumuka ndi fumbi losalala kwambiri, lomwenso ndi limene limanyamula zitsulo zambiri, chifukwa arsenic, mtovu ndi cadmium zimasanduka nthunzi m'ng'anjo n'kudzamatirira pa timbewu ta fumbi tating'onoting'ono utsi ukamazizira. Onjezani mphepo ya mu Ogasiti imene imaulutsa mapiri a phulusa aja, ndi kuzizira kwa mu Juni kumene kumapanikiza utsi pansi usiku wonse.

Koma fumbi la pamasamba anu si la siteshoni yokha. Mzinda wanuwo wazunguliridwa ndi migodi ya malasha, ina yosiyidwa kalekale, muli ng'anjo zosungunulira chromium, magalimoto a malasha amadutsa usana ndi usiku, ndipo mpaka 2006 petulo wa ku South Africa ankathiramo mtovu, umene udakali m'nthaka ya m'mbali mwa misewu. Mbaula zanu ndi za anansi nazo zimaonjezera. Boma la kumeneko linalengeza mu 2007 kuti dera la Highveld, limene mukukhalamolo, likufunika chisamaliro chapadera pa nkhani ya mpweya, ndipo mu Malichi 2022 khoti lalikulu ku Pretoria linagamula, pa mlandu umene mabungwe a groundWork ndi Vukani anakasuma, kuti mpweya woipa wa deralo ukuphwanya ufulu wa anthu umene uli m'malamulo a dziko. Ndikunena izi kuti mudziwe kuti chimene chikuvulaza ana anu msanga ndi chimene akupuma, kuposa chimene akudya. Mbaula isamagone m'nyumba, ndipo poyatsa muziika malasha pansi, mapepala ndi tinkhuni pamwamba, moto uzitsika. Anansi anu njira imeneyi amaitcha basa njengo magogo, ndipo imachepetsa utsi kwambiri.

Tibwerere kudimba, chifukwa apa mpamene anthu ambiri amasokonezeka. Amaganiza kuti mizu imayamwa chilichonse chili m'dothi n'kuchikweza m'masamba. Sizili choncho kwenikweni. Mtovu umamatirira zolimba kudothi, wochepa ndi umene umalowa m'mizu, ndipo wofika mu tomato kapena mu chitheba ndi wochepetsetsa. Mtovu umalowa m'thupi kudzera m'dothi lenilenilo: limene lathovukira pa tsamba mvula ikamagwa, limene lakanirira m'zikhadabo, limene mwana wokwawa wanyambita. Cadmium ndiye wosiyana. Ameneyu mbewu zamasamba zimamukoka ndithu, makamaka mpiru, repu, sipinachi ndi fodya, ndipo zimamukoka kwambiri nthaka ikakhala ya asidi, monga ilili nthaka yambiri ya ku Highveld. M'thupi amakakhala mu impso zaka makumi, n'kumafooketsanso mafupa. Malire amene maiko anagwirizana pa ndiwo zamasamba ndi mamiligalamu 0.3 a mtovu ndi 0.2 a cadmium pa kilogalamu imodzi. Ndi kochepa koti diso silingaone, lilime silingalawe, ndipo tsamba lobiriwira bwino silikutsimikizirani kanthu. Ndiponso kuwiritsa sikupha zitsulo. Moto umapha tizilombo, koma mtovu si kachilombo.

N'chifukwa chake matumba a mnansi wanu ndi onyenga. Phulusa la pa siteshoni limachepetsa asidi m'nthaka monga amachitira laimu, choncho chaka choyamba mbewu zimatha kuoneka zosangalala ndithu, ndipo iye sakunama pa zimene waona. Akatswiri ena amaliyesa pokonzanso nthaka ya pa migodi, koma amayamba aliyeza, amadziwa muli chiyani, ndipo amathira mwa muyeso. Inu simukudziwa kuti la m'matumbalo latengedwa pati. Likachuluka limabweretsa mchere ndi boron, masamba n'kuyamba kupserera m'mphepete, ndipo zitsulo zikalowa m'dimba sizituluka. Ndowe zimawola, feteleza amasuluka, koma mtovu mudzausiya momwemo kwa amene adzalowe m'nyumbayo pambuyo panu.

Nazi zimene ine ndikanachita ndikanakhala pamalo panu. Pamene munkathira phulusa ndikanapalapo dothi lapamwamba, kuliika m'thumba n'kulitaya ndi zinyalala za khonsolo. Ndiwo zamasamba ndikanazisamutsira m'matumba, m'ndowa zakale kapena m'mabedi okwera ndi masentimita 30, odzaza ndi dothi logula kapena lochokera kutali ndi msewu, mgodi ndi siteshoni, losakaniza ndi manyowa owola bwino. Manyowa amagwira zitsulo kuti zisayende. Laimu wa m'sitolo pang'ono amathandizanso pa cadmium ndi mtovu, koma osapyola muyeso, chifukwa akachuluka amamasula arsenic. Pansi penipenipo ndikanasiyapo tomato, therere, nyemba, maungu ndi chimanga, mbewu zimene timadya chipatso chake. Nthaka yonse yoonekera ndikanaiphimba ndi udzu, kuti mvula isathovutsire dothi pamasamba ndiponso mphepo isalinyamule.

Nkhwani ndiufotokoze pawokha. Tsamba lake lili ndi ubweya, ndipo ubweyawo umagwira fumbi kuposa tsamba losalala la repu. Kungouviika m'beseni kamodzi sikokwanira. Tcholani nsonga zam'mwamba, osati masamba ogona pansi. Muwasadzule, kenako mutsuke tsamba limodzilimodzi pamadzi oyenda a pampopi, mukupukuta ndi chala mbali zonse ziŵiri, musanadule. Mukatsuka mutadula kale, dothi limalowa m'mabala. Ngati mutsukira m'beseni, sinthani madzi katatu ndipo masambawo muziwavuula, osati kukhuthula madzi iwo ali momwemo, chifukwa mchenga umatsalira pansi. Mukadzachita zimenezi mudzayang'ane pansi pa beseni loyamba. Mbatata ndi karoti muzisenda mozamitsako. Mfutso ndi ufa musamayanike poyera tsiku lonse monga kumudzi, muziphimba ndi kansalu kopyapyala, ndipo tsiku la mphepo zisatuluke.

Madzi othirira akhale a pampopi. Timitsinje ta m'deralo, monga Brugspruit, timalandira madzi a asidi ochokera m'migodi yakale, ndipo kamtsinje kalikonse kamene miyala yake yachita dzimbiri lachikasu musakayandikire ndi ndowa. Ngati mumakinga madzi a padenga, a mvula yoyamba muwasiye atayike, chifukwa atsuka fumbi la miyezi yonse ya chilimwe.

Koma amene akundidetsa nkhawa kuposa nkhwani ndi wa chaka ndi theka uja. Bungwe la WHO, loona za umoyo padziko lonse, limanena kuti palibe muyeso wa mtovu umene uli wosaopsa kwa mwana, ndiponso kuti thupi la mwana limayamwa mtovu kuŵirikiza kanayi kapena kasanu kuposa la wamkulu. Umawononga ubongo mwakachetechete, mwana osatentha thupi, osalira, zotsatira zake n'kudzaoneka ali kusukulu. Muyalireni mkeka kapena mumukonzere posewerera pa mchenga woyera wogula. Manja asambe ndi sopo asanadye chilichonse, zikhadabo zikhale zoŵenga. M'nyumba muzikolopa m'malo mosesa pouma, nsapato zizitsala pakhomo. Asamasewere panja ndi njala, chifukwa m'mimba mopanda kanthu mtovu umalowa kwambiri, ndipo chakudya cha ayironi ndi kashiamu, monga usipa kapena matemba odya ndi minga yomwe, nyemba, mazira ndi mkaka, chimachepetsa kulowako. Ngati muli ndi nkhuku zikhale m'khola, chifukwa zotakasa m'dothi loipa zimapatsira mazira. Mukapita naye kusikelo funsani za kuyeza mtovu m'magazi. Ndipo ndikupemphani muuze amayi anzanu oyembekezera amene amalakalaka dothi kuti dothi la kumeneko si lodya, ngakhale logula pamsika osadziwa kumene lakumbidwa. Kulakalakako nthawi zambiri kumayendera limodzi ndi kuchepa kwa magazi, ndipo mankhwala ake ali kuchipatala.

Chotsimikizira zonse ndi kuyezetsa dothi. Ku Pretoria kuli labotale ya nthaka ya Agricultural Research Council, bungwe la boma lofufuza za ulimi, ndipo palinso ena oyima paokha. Tengani dothi la masentimita 15 apamwamba pa malo khumi osiyanasiyana m'dimba, ndi sipuni ya pulasitiki, musakanize, muumitse pamthunzi, muike m'jumbo yatsopano. La pamene mwana amasewera likhale m'jumbo yakeyake. Mukapereka nenani momveka kuti mukufuna ayeze mtovu, cadmium, arsenic, chromium ndi asidi, apo ayi adzangokuyezerani za feteleza. Ndalama yake imalemera kwa munthu mmodzi, koma mabanja angapo a mumpingo kapena a m'gulu lanu la Amalawi mukasonkherana zimatheka, ndipo zotsatira za nyumba zisanu zimanena zambiri kuposa za nyumba imodzi. Zikatuluka munditumizire tidzaŵerengere limodzi.

Alangizi, ine ndinabadwira ku Hwange ku Zimbabwe, agogo anabwera kudzagwira ntchito mumgodi kuchokera ku Nkhotakota. Loweruka ndimakaŵedza mumtsinje wa Deka ndipo nsombazo timadya ndi banja. Nthawi zina madzi amasintha mtundu, nsomba n'kuyandama zakufa. Ena amatola, ine sinditola. Koma funso langa ndi la zamoyo zimene ndimagwira ndi mbedza madzi ali oyera: kodi zimenezo zili bwino? Nanga kuziwamba kapena kuziumitsa kumachotsa poizoni? — Msodzi wa Loweruka, Hwange

Achimwene, mwachita bwino kusatola zakufa, ndipo otolawo muwaletse. Funso lachiŵirilo yankho lake ndi ayi: kuwamba, kuumitsa, kukazinga kapena kuthira mchere sikuchotsa chitsulo. Kuumitsa kumangochotsa madzi, chitsulo n'kutsala chounjikana m'kanyama kochepa.

Loyambalo ndi lovutirapo. Deka imalandira madzi ochokera ku dera la migodi ya malasha isanakathire mu Zambezi, ndipo pafupi pomwepo pali siteshoni ya magetsi ya malasha ya Hwange ya mamegawati 920, imene mu 2023 anaionjezera ena 600. Kuyera kwa madzi sikukuuzani zambiri, chifukwa zitsulo zimakhazikika m'matope a pansi, mmene tizilombo ta m'madzi timadya, ndipo nsomba zimadya tizilomboto. Mercury ndiye amavuta kwambiri. Amatuluka pachumuni ngati nthunzi, zosefera fumbi sizimugwira wonse, ndipo akagwera m'madzi mabakiteriya a m'matope amamusandutsa mtundu umene umakanirira m'mnofu. Kansomba kakadyedwa ndi yokulirapo, mercury wake amasamukira m'yaikuluyo, choncho nsomba zikuluzikulu zodya zinzake ndi zokhalitsa ndi zimene zimakhala naye wambiri. Selenium naye ali ndi mbiri yake: ku Belews Lake m'chigawo cha North Carolina ku America, madzi ochokera ku damu la phulusa la siteshoni anathiridwa m'nyanjayo m'zaka za m'ma 1970, ndipo pafupifupi mitundu yonse ya nsomba inatha, chifukwa selenium ankawononga mazira, madzi akuonekabe abwinobwino.

Ndiye ngati kuŵedza simungakusiye, kaŵedzeni kumtunda kwa pamene madzi a kumigodi amalowera, kapena mumtsinje wina. Sankhani nsomba zazing'ono zodya ndere m'malo mwa milamba ikuluikulu yokhala m'matope ndi nsomba zolusa. Tumbulani, mutaye matumbo, chiwindi, mazira ndi makha. Izi zimachepetsa cadmium ndi mtovu, koma mercury ali m'mnofu momwemo, n'chifukwa chake mayi woyembekezera, woyamwitsa ndi ana aang'ono asamadye nsomba za pamalo okayikitsawo mpang'ono pomwe. Tsiku limene madzi asintha mtundu, jambulani ndi foni, lembani tsiku ndi malo, mukapereke ku ofesi ya Environmental Management Agency, bungwe la boma loona za chilengedwe kumeneko. Mukapite angapo, ndi mfumu kapena khansala wanu.

Zikomo Alangizi. Kuno ku Neno takhala tikumva zaka zambiri kuti pa Kam'mwamba adzamanga siteshoni ya magetsi ya malasha. Ine ndine mlimi wa nandolo ndi chimanga, ndili ndi mbuzi, ndiponso ndili m'komiti ya chitukuko ya m'mudzi. Achinyamata akuifuna chifukwa cha ntchito, ndipo tonse tatopa ndi kuzimazima kwa magetsi. Ine nkhawa yanga ndi munda. Akadzabweranso kudzachititsa msonkhano, tiwafunse chiyani? — Mlimi wa ku Neno

Bambo, mwafunsa pa nthawi yabwino, chinthucho chisanamangidwe. Pulani imene yakhala ikukambidwa ndi ya mamegawati 300, malasha ake ochokera ku Moatize ku Mozambique kudzera pa njanji ya ku Nacala. Ndalama zake zinkayembekezeka kuchokera ku China, koma mu Seputembala 2021 mtsogoleri wa dzikolo, Xi Jinping, analengeza kuti China sidzamanganso masiteshoni atsopano a malasha kunja. Komabe nkhaniyi imauka nthawi ndi nthawi, ndiye konzekani.

Achinyamatawo sindiwatsutsa. Magetsi athu amadalira kwambiri mtsinje umodzi wa Shire, ndipo tonse tikukumbukira mmene tinavutikira namondwe wa Ana atawononga damu la Kapichira mu Januwale 2022. Koma ine maganizo anga ndi akuti dziko limene lili ndi dzuwa ngati lathu, lomwe layamba kale kukolola magetsi a dzuwa ku Salima ndi ku Golomoti, lisamathamangire chinthu chimene phulusa lake lidzakhalapo siteshoniyo itatsekedwa kale. Amenewo ndi maganizo anga. Chosankha ndi chanu ndi boma, ndipo lamulo la zachilengedwe la 2017 limafuna kuti ntchito yaikulu ngati imeneyi iunikidwe kaye mmene ingakhudzire chilengedwe ndi anthu, inu mufunsidwe, bungwe la boma loteteza chilengedwe la MEPA livomereze.

Pamsonkhano anthu amakonda kufunsa za chipukuta misozi ndi za ntchito, nkhani ya phulusa n'kuiŵalika. Inu muyambire pamenepo. Afunseni kuti phulusa lidzakhala matani angati pachaka, lidzaunjikidwa pati, ndipo akulozereni malowo ndi chala, osati pa mapu pokha. Lidzasungidwa louma kapena m'damu la madzi? Pansi pake adzayalapo chotchinga chanji kuti madzi ake asalowe m'zitsime ndi m'mijigo? Funso limeneli mulikakamire, chifukwa njira imene arsenic ndi selenium amafikira anthu kaŵirikaŵiri ndi ya pansi pa nthaka, mwakachetechete, zaka zikupita. Kenako afunseni kuti damulo lamangidwira mvula yochuluka bwanji. Pa 22 Disembala 2008 khoma la damu la phulusa linagumuka pa siteshoni ya Kingston ku Tennessee, ku America, ndipo matope a phulusa oposa makyubiki mita 4 miliyoni anakwirira malo okwana mahekitala 120, kugwetsa nyumba ndi kulowa mumtsinje wa Emory. Ambiri mwa amene anagwira ntchito yochotsa matopewo anadzadwala, nkhani mpaka kukhoti. Limenelo ndi dziko la ndalama ndi mainjiniya ochuluka. Ife tinaona zimene namondwe wa Freddy anachita ku chigawo cha kummwera mu Malichi 2023, ndipo Shire, kumene mzinda wa Blantyre umatunga madzi ake pa Walker's Ferry, sali kutali ndi inu.

Za chumuni funsani kuti padzakhala zosefera zanji, ngati padzakhala makina ochotsa sulufule, ndiponso chidzachitike n'chiyani tsiku limene zosefera zawonongeka: adzazimitsa, kapena adzapitiriza kuyatsa podikira zipangizo? Malasha akamatsitsidwa m'sitima ndi kuunjikidwa, fumbi lake adzalithira madzi ochokera kuti, ndipo madzi akudawo adzapita kuti? Pa ziŵeto, dziŵani kuti mbuzi ndi ng'ombe zimadya dothi lambiri pamodzi ndi msipu, makamaka m'chilimwe udzu ukafupika, ndipo cadmium amaunjikana m'chiwindi ndi mu impso, zomwe ife timazikonda pa chiwaya.

Chachikulu koposa, chimene midzi yambiri yozungulira masiteshoni inachiphonya, ndi ichi: pemphani kuti nthaka ya m'minda yanu, madzi a m'mijigo ndi m'zitsime, chimanga, nandolo ndi masamba ziyezedwe ntchito isanayambe, ndi labotale yosadalira kampani yomangayo, anthu a m'komiti yanu akuona potenga zoyezazo. Zotsatira zake zilembedwe m'Chichewa, kope lina likhale kwa mfumu, lina ku khonsolo, lina kwa inu. Popanda pepala limenelo, zaka khumi zikadzapita mjigo n'kupezeka ndi arsenic wopyola mamaikulogalamu 10 pa lita, amene ndi malire a WHO, adzakuuzani kuti anali momwemo kale, ndipo mudzasowa choyankha. Pemphaninso kuti kuyezako kuzibwerezedwa chaka ndi chaka pa malo omwewo, zilembedwe kuti adzalipira ndani, komanso kuti ndalama yosamalira phulusa siteshoni ikadzatsekedwa iikidwe padera kuyambira chaka choyamba. Mayankho onse muwapemphe olembedwa ndi osainidwa, ndipo mlembi wa komiti yanu alembe dzina ndi udindo wa aliyense amene wayankha.